Kanyemba ka Anti Wamtali

Pasukulu ya mkaka ija panali aphunzitsi awiri amene ana sanavutike n'kusunga mayina awo. Wina ankamutcha Anti Wamtali, wina Anti Wamfupi, ndipo mayinawo anamera mizu mpaka makolo, mlonda ndi Ahedi omwe ankaitana choncho. Wamtali ankaphunzitsa ana a zaka zinayi, Wamfupi a zaka zitatu, ndipo zitseko za makalasi awo zinkatsegukira khonde limodzi.

Wamtali anali mphunzitsi weniweni, tisamunamizire. Mwana wofika akulira m'mawa, atakakamira siketi ya mayi ake, akangolowa m'manja mwa Wamtali kulira kunkatha chikwama chisanatsike kumsana. Ankadziwa amene amadya mochedwa, amene amaopa phokoso la madzi a m'chimbudzi, ndi amene amaluma anzake akatopa. Koma munthu salephera pomuvuta, ndipo pa iye panali pa kuimba. Anakula akuuzidwa ndi achimwene ake kuti akayamba nyimbo agalu a kwa aneba amasamuka, ndipo nthabwala ikanenedwa kawirikawiri m'nyumba imasanduka lamulo. Anafika paukulu pakamwa pali potseka. Ku maukwati ankangowomba m'manja, kutchalitchi ankayendetsa milomo.

Tsono kusukulu ya mkaka nyimbo si zokongoletsera. Ana amalowa m'kalasi ndi nyimbo, amasamba m'manja ndi nyimbo, ngakhale kuwerenga zala zawo zomwe amafuna nyimbo. Ndiye awiriwa anapangana zawo mwakachetechete. Nthawi yoimba ikakwana, Wamfupi, amene anali wa kwaya ndipo mawu ake ankamveka mpaka pageti, ankatenga makalasi onse awiri n'kukhala nawo pakhonde. Wamtali ankatenga zotsalazo: mamina, zingwe za nsapato, operekezedwa kuchimbudzi, ndi amene ngozi yawagwera m'kabudula. Wina angati malondawo anali okondera, koma Wamtali ankaona kuti watola. Kuchapa kabudula kunali kopepuka kwa iye kusiyana ndi kutsegula pakamwa pamaso pa anthu.

Ahedi ankaona makalasi awiri atasonkhana pakhonde n'kumayamikira kuti aphunzitsi awo ndi ogwirizana. Sanafunse zambiri.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba kwa miyezi, poti pakati sipabisika. Wamfupi anali woyembekezera. Wamtali ankamuona mnzake akulemera tsiku ndi tsiku, akuimbitsa atakhala pampando m'malo modumpha ndi ana, koma ankangodziuza kuti zidzaoneka konko. Teremu yomaliza ili pakati, konkoko kunafika.

Tsiku limene Wamfupi ankatsanzika kupita kutchuthi, Ahedi anaitana aphunzitsi onse mu ofesi. Anali mayi wa thupi, wolankhula mosathamanga, wa magalasi okhala pansonga ya mphuno. Ananena kuti kalasi ya Wamfupi aigwirizira mayi wina wa m'chipinda cha makanda. Kenako anati pa tsiku lotsekera sukulu, makolo akadzabwera, kalasi iliyonse idzaimba nyimbo yake, mphunzitsi wake ali kutsogolo.

"Ndipo ndineneretu lero kuti pasadzakhale wodabwa," anatero Ahedi. "Chaka chamawa ndikusintha anthu. Ana okulirapo amafuna mphunzitsi wochita nawo zonse, ndi kuimba komwe. Amene zimenezo zikumuvuta palibe mlandu, ndimupititsa kwa makanda. Kumenekonso kukufunika manja."

Ponena zimenezi sanayang'ane munthu, ankafunafuna cholembera patebulo. Koma Wamtali anamva ngati amuloza chala. Makanda sankadana nawo ayi, kungoti khanda silingakufunse chifukwa chimene mwezi umakutsatira ukamayenda. Iye ankakonda a zaka zinayi, anthu amene angoyamba kumene kutsutsa, kunama ndi kufotokoza maloto. Kuwasiya kukanamuwawa kwambiri, ndipo anachita mantha.

Ataweruka, Wamfupi anamukokera m'kachipinda kosungiramo mipando yothyoka ndi mapepala akale.

"Iwe, nkhope yagwa chonchi bwanji? Nyimbo ndakupekera kale. Ndi ya nyemba zimene ana ako adzala m'zitini pawindo paja. Yaifupi, ngakhale mlonda angaimbe."

"Mlonda amaimba bwino kuposa ine."

"Wa mlonda ndi mluzu, si nyimbo. Tatulutsa foni ujambule."

Wamfupi anagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, nakoka mpweya, n'kuyamba:

Kanyemba kanga m'chitini,
ndakuthirira madzi,
dzuka, dzuka, usagone,
tuluka uone dzuwa.

Pa mawu omalizawo chuni chinkakwera bwinobwino n'kukaima m'mwamba, moti Wamtali anachita tsemwe. Inali nyimbo yokoma, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kunamufoola.

"Ukapeza povuta undiimbire foni," anatero Wamfupi.

"Iwe ukakhala uli ndi ntchito yako. Pita ukachire bwino."

Lamulo la pasukulupo linali lakuti mafoni a aphunzitsi azigona m'dirowa ya Ahedi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Choncho zoti angawayatsire ana foni kuti iwaphunzitse panalibe. Nyimboyo anayenera kuinyamula m'mutu. Ankaimvera m'basi tizingwe tili m'makutu, ankaimvera akusita, ankaimvera akutsuka mbale. Kuyeserera mokweza kunyumba sakanatha, chifukwa ankakhala ndi mng'ono wake, mtsikana wa pakamwa, amene akanaimbira achimwene tsiku lomwelo kuti amve nkhani. Ankangoibwereza chamumtima, ndipo mumtima munthu aliyense amaimba bwino.

Tsiku loyamba anatseka chitseko cha kalasi. Anatsekanso mawindo onse, ngakhale kunja kunkatentha kale, mpaka kakang'ono ka pamwamba kamene kankafuna kukwera pampando. Anakhazika ana pamkeka, iyenso n'kukhala pakampando kawo mawondo ali pafupi ndi chibwano. Atatsegula pakamwa mawu anatuluka owonda, onjenjemera, osadziwika mwini wake.

Ana anamuyang'ana maso ali tong'o. Panali kamtsikana kena kamene aphunzitsi ankakatcha Wailesi, chifukwa kakatsegulidwa m'mawa kankazima poweruka. Ndi iyeyo amene anayamba.

"Anti, mukudwala?"

"Ayi, ndikuimba."

"Oo." Wailesi anaganiza pang'ono. "Imbaninso."

Palibe amene anaseka, ndipo zimenezi zinamudabwitsa. Mwana wa zaka zinayi amaseka munthu akagwa, akayetsemula, akatchula matako, koma za mawu okoma ndi osakoma amakhala asanaziphunzire. Wamtali anaimbanso, mzere umodzi umodzi, ana akubwereza. Zimene ankazidziwa bwino anazithiramo: anawanyonyomaletsa onse ngati nyemba zili m'dothi, manja akuthira madzi pamutu pa mnzawo, ndipo pa mzere womaliza ankadzuka n'kutambasula manja m'mwamba. Pasanapite masiku ambiri nyimboyo inali itatuluka pamkeka. Ankaiimba potsuka makapu, pamzere wa kuchimbudzi, ndipo mmodzi ankaiimbira chitini chake kukamwa kuli pafupi ndi dothi, poti nyemba yake inkachedwa kumera.

Wamtali, thukuta lili kamukamu m'kalasi yotsekayo, anayamba kumva kanthu kamene sanafune kukavomereza. Nthawi yoimba ankaiyembekezera. Tsiku lina madzulo akupukuta chitofu, mng'ono wake anatulukira pakhomo la khitchini.

"Achemwali, ndi inu mukung'ung'udza kapena ndi firiji?"

"Ndi firiji."

"Ndiye tiitanire okonza, yayamba kutchula mawu."

Wamtali anamugenda ndi kansalu kopukutira, koma anadzipeza akuseka m'malo mokwiya.

Tsiku lotsekera litayandikira, Ahedi anamuimitsa pakhonde ndi nkhani imene kwa iwo inali yabwino. Bambo ake a Wailesi, amene masana ankakonza mafiriji koma Loweruka ankaimba kiyibodi m'bandi ya m'maukwati, anali atadzipereka kudzaimbira ana. Wamfupi, ali pabedi ndi khanda lake, anali atawatumizira kale nyimboyo pafoni.

"Abwera mawa kudzayeserera nanu m'holo," anatero Ahedi. "Inenso ndidzakhalapo, ndimveko zimene mwakhala mukuphika kuseri kwa chitseko chija."

Wamtali anati zikomo. Anadzilimbitsa mtima kuti ana akuidziwa nyimbo, kiyibodi idzaphimba zotsala, ndipo iye adzangoyendetsa manja ndi milomo monga mwa kale.

Holo yakeyo inali chipinda chodyeramo, matebulo atakankhiridwa kukhoma, fungo la sopo wokolopera lisanathe. Bambo ake a Wailesi anafika atavala ovolosi ya kuntchito, kiyibodi ili m'khwapa itakulungidwa m'bulangete. Anali munthu wochepa mawu, moti unkadabwa kuti mwana uja pakamwa anatengera kuti. Analumikiza zingwe, nayesa mabatani oyera ndi akuda, n'kuuza ana amene anawaunjirira kuti chilichonse angagwire kupatula kofiirako. Ahedi anaima pakhomo atapinda manja.

Wamtali anaimika ana ake m'mizere iwiri. Bambowo anaimba poyambira, nagwedeza mutu, ana n'kulowa. Mizere yoyamba inayenda mokokanakokana, koma inayenda. Atafika pa "tuluka uone dzuwa," kiyibodi inakwera, ana onse anatsika. Manja anali m'mwamba, mawu ali pansi, ndipo phokoso lake linali ngati mbale zagundana m'sinki.

"Tiyambirenso," anatero bambowo.

Anayambiranso, ndipo zinagundana pomwepo. Bambowo anakanda m'mutu. Anapempha ana kuti akhale chete, n'kuimba chuni chokha pakiyibodi, pang'onopang'ono, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Wamtali anamvetsera. Chimenecho ndicho chinali chuni cha m'foni, chimene ankachimva m'basi tsiku lililonse. Chimene ana ake ankaimba chinali china. Sipanali pa dzuwa pokha. Paliponse pamene nyimbo ya Wamfupi inkadumpha, yake inkangoyenda pansi. Mawu ake akafika pachitunda ankapatuka okha n'kudzera njira yachidule, mwini wake osadziwa, ndipo ana anamutsatira ngati anapiye.

"Adadi, mukulakwitsa," anatero Wailesi. "Dzuwa limapita pansi."

Ana anaseka, ena n'kumavomereza kuti eetu, bamboyu sakuidziwa. Ahedi anatsitsa magalasi n'kuyang'ana pamwamba pake.

"Pepani, aphunzitsi," anatero bambowo. "Kodi nyimboyi anawaphunzitsa ndani?"

Pothawira panalipo. Akanatha kunena kuti ana asokoneza okha, poti ana amasokonezadi. Koma anayang'ana tinkhope tija, tonse tikudikira kuti Anti awo auze mlendoyu kuti waphonya.

"Ndine," anatero.

Manyazi analipo, koma chimene chinamulasa kwambiri chinali china. Anaganiza kuti wawononga ana a eni. Anabwera ndi makutu abwinobwino, iye wawapotoza, ndipo adzakula ngati iye, oyendetsa milomo. Ngati zinali choncho ndiye kwa makanda kunali komuyenera ndithu. Anayamba kale kudziona atanyamula kapu yake ndi juzi, akulowera kumapeto kwa khonde.

Bambowo anachotsa manja pakiyibodi. "Ana inu, imbani nokha. Ine ndingomvera."

Ana anayang'ana Wamtali, chifukwa sankadziwa kuyamba popanda iye. Anawapatsa mawu oyamba motsitsa, iwo n'kunyamula. Bambowo anatsinzina. Atamaliza anapempha a mzere wa kumbuyo kuti aimbe okha, kenako a kutsogolo, kenako Wailesi ndi kamnyamata kamene kanali naye pafupi. Anamvetsera zonsezo mutu utapendekeka, monga mmene ayenera kuti amamvetserera firiji yodwala.

"Nanunso, aphunzitsi, ngati simudandaula."

"Ine?"

"Inu nokha."

Wamtali anayang'ana Ahedi poganiza kuti mwina amupulumutsa. Ahedi anangoloza ndi chibwano kuti tiyeni. Madzi akatayika saoleka, ndipo chobisa chinali chitatha kale. Anasankha chithunzi cha zipatso chimene chinali pakhoma, n'kuimbira nanazi. Pa mzere wachiwiri anamva kiyibodi ikumulondola ndi chala chimodzi, kambuyo pang'ono, ikuphonya n'kubwerera. Pofika pa mzere womaliza inali itamupeza, ndipo anatsikira limodzi.

"Kamodzinso."

Anabwereza. Ulendo uno chala chija sichinafunefune, chinkafika pamene iye akufika.

Kenako bambowo anayamba kuseka. Anaseka atawerama, mapewa akugwedezeka, mpaka kupukuta maso ndi mkono wa ovolosi. Wamtali anaima chilili. Kuseka kumeneko ankakudziwa kuyambira ali mwana, ndipo anangodikira kuti amve za agalu.

"Musandimve molakwika, aphunzitsi, ndikudziseka ndekha," anatero bambowo atapezako mpweya. "Mwana uyu wakhala akuimba nyimbo imeneyi kunyumba, m'bafa, patebulo, paliponse. Ine nditamva ya pafoni ija ndinati mwana wanga ndi amene akuphonya. Ndakhala ndikumukhazika pakiyibodi ndikaweruka, ndikuti kwera apa, iye n'kumatsika. Ndikuti kwera, iye n'kumandiuza kuti sindikudziwa kanthu. Mpaka ndinauza mayi ake kuti mwanayu khutu alibe, watengera kwanu. Panopa kunyumba moni akuvuta chifukwa cha dzuwa limeneli."

Ahedi anatulutsa kaphokoso m'mphuno n'kudzigwira pakamwa.

Bambowo anapitiriza: "Tsono lero ndamva kalasi yonse ikutsika malo amodzi, nthawi imodzi, mpaka popumira pomwe akupuma limodzi. Mwana wanga ali bwinobwino. Onsewa ali bwinobwino. Atola ndendende zimene anapatsidwa."

"Koma anapatsidwa zolakwika," anatero Wamtali.

"Anapatsidwa zina. Taonani, ine m'maukwati ndimakumana nawo anthu osatha kuimba, aja amalanda maikolofoni akakhuta. Munthu wotero akayamba alowera uku, akabwereza alowera uko, sungamutsatire ngakhale utabwereka zala. Inu mwaimba, mwabwereza, ndi zofanana, ndipo ndi zomwezo zimene aimba anawa. Mukanakhala wosochera, aliyense pano akanaimba yake."

Mawuwo Wamtali anawamva, koma ankalowa pang'onopang'ono, poti malo ake munali mutakhala kale mawu ena kwa zaka zambiri.

"Ndiye yabwino ndi iti?" anafunsa Ahedi ali pakhomo pomwepo.

"Yokoma ndi ya anzawo ija, ndisaname. Koma ija imakwera mpaka pamene ana ambiri angangolira ngati chitseko chopanda mafuta. Iyi ili pamene iwo amafika. Masiku atsalawa ndi ochepa, ndiye wosintha ndikhale ine. Kuphunzitsa munthu mmodzi n'kosavuta kusiyana ndi kubweza gulu lonseli."

"Ndinakuuzani, adadi," anatero Wailesi.

"Unandiuza, mayi. Khala chete tsopano."

Anayambanso, kiyibodi ikutsatira ana. Ulendo uno zinalowana. Ana anaimva kuti yawagwira kumsana ndipo anakuwa ndi mphamvu zonse, ena akudumpha nthawi yodzuka isanakwane. Wamtali anali kutsogolo akuwasonyeza ndi manja, ndipo anazindikira ali pakati pa nyimbo kuti waiwala kuyendetsa milomo chabe, mawu akutuluka. Sanawabweze.

Atamaliza, bambowo akukulunga kiyibodi yawo, Ahedi anamudutsa pafupi.

"Ana akayamba kudya mundipeze mu ofesi."

Mtima umene unali utayamba kutsika unakweranso. Za makutu a ana zinali zitatha, koma za chaka chamawa zinali zisanakhudzidwe, ndipo Ahedi sanali munthu woti ungamuwerenge pankhope. Wamtali anathandiza mayi wophika kubweza matebulo, anakhazika ana, anagawa makapu a tiyi ndi buledi, n'kupita.

"Khalani," anatero Ahedi. "Ndili ndi funso limodzi. Zaka zonsezi pakhonde paja, inu munaimbitsapo?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ine ndinkaona za mamina ndi makabudula."

Ahedi anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Ndiye ine ndinkayamikira mgwirizano, osadziwa kuti pakhonde panga pali msika. Bwanji osandiuza?"

"Ndinkaopa."

"Mwaona kumene mantha akufikitsani. Ana mwawaphika m'kalasi yotseka masabata onsewa. Makolo akhala akundifunsa chifukwa chimene malaya akubwerera onyowa, ine n'kumati ndi kusewera. Mawa mawindo atseguke."

"Chabwino."

Ahedi anavalanso magalasi n'kukoka mapepala awo, ngati nkhani yatha. Wamtali anakhalabe. Anayang'ana zala zake, anayang'ana dirowa ya mafoni, ndipo anaona kuti akapanda kufunsa lero adzadwala nazo tchuthi chonse.

"Nanga chaka chamawa?"

"Chaka chamawa chatani?"

"Za makanda zija."

Ahedi anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsa njira ya kunyumba kwake komwe. "Ine ndinati ndikufuna mphunzitsi woimba ndi ana. Sindinati wotulutsa chimbale. Ana aja akuimba mpaka kukangana ndi makolo awo, wawaimbitsa ndani? Kalasi ndi yanu. Koma msika uja watsekedwa. Mnzanu akabwera, aliyense aziimbitsa ake, azipukuta ake."

"Zikomo kwambiri, Ahedi." Wamtali anadzuka pampando. "Nanga nyimbo ya mnzanga ndaipindayi?"

"Mukamuuze nokha. Ali ndi khanda losagonetsa, sindikhulupirira kuti mphamvu zokangana ali nazo. Pitani, ana ali okha ndi wophika."

Atatuluka anatsamira khoma la pakhonde. Apa m'pamene anazindikira kuti mapewa akhala akumupweteka kuyambira tsiku la msonkhano lija, ndipo tsopano anamasuka onse nthawi imodzi. Mtima unakhala pansi. Kumapeto kwa khonde khanda lina linkalira, wina akulitonthoza, ndipo analimvera chisoni monga mmene munthu amamverera mwana wa mnzake, podziwa kuti pali womunyamula. Anaganiza zoti madzulo amuimbire Wamfupi amufotokozere zonse, ndipo anadziwiratu kuti mnzakeyo aseka mpaka kudzutsa mwana.

M'chipinda chodyera munali phokoso la makapu. Wina anali atataya tiyi, wina akuviika chala m'kapu ya mnzake. Wamtali anapukuta patebulo, analekanitsa awiri olimbirana mpando, n'kukhala pakampando kopanda munthu pakati pawo. Sanafune kulira, koma misozi inabwera yokha, yambiri, ndipo analibe mphamvu zoibisa.

Wailesi anasiya kutafuna.

"Anti, akukalipirani?"

"Pang'ono."

"Ndiye mukulira?"

"Si zimenezo. Ndimaopa kuti andichotsa m'kalasi mwathu."

"Akuchotsani?"

"Ayi, sandichotsa."

Wailesi anamuyang'ana kwa kanthawi, akuoneka kuti za anthu akuluakulu zamukanika. Kenako ananyema buledi wake, nayerekeza zidutswa ziwirizo, n'kumupatsa chimene chinali chitalumidwa kale.

"Ndiye idyani."

Wamtali analandira ndi manja awiri, n'kudya.